Imfa Yaukhondo ya Ahedi

Anthu onse amene mlembiyu anawapha m'mabuku ake anafa mwaulemu. Wina anapezeka pampando wandalema, magalasi ali pamphuno, nyuzipepala ili pamiyendo. Wina anagwa pakati pa maluwa ake chipewa chili kumutu, ndipo ngakhale maluwawo sanathyoke. Magazi sankaoneka, fungo silinkatchulidwa, ndipo ukatembenuza tsamba umapeza wina wateleka kale madzi a tiyi. Owerenga ake ankafuna zomwezo: mtembo umodzi waukhondo, anthu angapo okayikitsa, ndi mayi uja telala wopuma pantchito, wofufuza wa m'mabuku ake onse, amene ankalowa m'nyumba za anthu tepi ili m'khosi ngati wabwera kudzayesa diresi, chonsecho akuwasolola nkhani m'kamwa. Telala ameneyu anali atamudyetsa mlembiyu kwa zaka zambiri, ndipo sanadwalepo kapena kukalamba.

Koma buku la chaka chino linali litakana. Mkonzi wake ankaimba foni ndi ulemu wosautsa uja, kufunsa za odwala kaye kenako n'kukhosomola pang'ono, ndipo mlembi ankayankha kuti zikuyenda. Sizinkayenda ayi. Analibe ndi mtembo womwe.

Chifukwa chake chinali chigonere m'chipinda chimene kale ankalemberamo. Akulu ake, amene aliyense ankawaitanabe kuti Ahedi ngakhale anapuma pauphunzitsi kalekale, achipatala anali atawabweza kunyumba ndi thumba la mankhwala komanso mawu ofewa amene madokotala amayankhula nzeru zikawathera. Mlembi anatulutsa desiki nalowetsa bedi. Laputopu inasamukira patebulo la kukhitchini, pakati pa mabotolo a mapilisi ndi paketi ya matewera a akuluakulu.

Tsiku linkayamba ndi beseni. Kuwapukuta, kuwasintha, kuwatembenuza kuti msana usachite zilonda, kuwamwetsa mapilisi amene ankawabisa kutsaya n'kulavula iye akangocheuka, kuchapa zofunda, kuyanika, kuanula. Thupi la Ahedi linali litapepuka ngati mtolo wa zovala, koma pakamwa panali pakadali pa hedi. Pambali pa bedi anaikitsa kabelu kachitsulo kamene anachoka nako kusukulu, ndipo kabeluko kankadziwa nthawi yeniyeni imene mlembi wangokhala kumene pansi. Mlongo wawo ndi mkazi wake ankabwera Lamlungu masana, n'kukhala m'mphepete mwa mipando, n'kunena kuti mlembiyu ndi munthu wamtima wabwino zedi, Mulungu yekha ndiye adzamulipire, kenako n'kuyamba kuyang'ana wotchi. Mawu amenewo ankamutopetsa kuposa kuchapa.

Kutopa kwake kunali kuja koti ngakhale ugone sikukusiya. Ankatha kuima pakati pa khitchini supuni ili m'manja, osadziwa kuti amapita nayo kuti. Akulu akewo ankawakonda, pamenepo panalibe wotsutsa. Ndi iwo amene anamuphunzitsa kuwerenga, ndi iwonso amene ankamva buku lililonse lisanapite kwa mkonzi, n'kutchula wakupha nkhani isanafike ndi pakati pomwe, zimene zinkamupsetsa mtima chaka ndi chaka. Ankawakonda, koma msana unkamupwetekabe ndipo m'maso munkakhala muli mchenga tsiku lonse.

M'mawa wina, akuwapesa katsitsi kamene kanatsala, Ahedi anafunsa osatsegula maso.

"Buku lija lili pati?"

"Lili pomwepo, asisi."

"Pomwepo ndiye pati? Wapha kale munthu?"

"Sindinapeze woti ndiphe."

"Ipha ine."

Chipeso chinaima. Mlembi anati asamayankhule zoterozo, Mulungu alipo, mawa sadziwika, mawu onse aja amene munthu amanena pambali pa bedi osawaganizira. Ahedi anamusiya amalize, monga ankachitira ndi mwana wonama mu ofesi mwawo.

"Watha? Tamvera tsono. Imfa ndili nayoyi ndi yauve, iweyo ukuidziwa kuposa ine chifukwa ndiwe umaichapa. Ndikufuna ina, ya m'buku. Undikhazike pampando, ndivale diresi langa lobiriwira lija, tsitsi likhale lonse, nsapato zopolisha. Anthu alowe n'kunena kuti koma mayiwa ngati angogona. Ndiye undiwerengere ndimve ndekha, mpaka wondipha adziwike, ndisanapite. Kodi ndakupempha galimoto ngati?"

Mlembi anafunafuna pothawira napapeza pantchito yake. Anafotokoza kuti m'mabuku otere wophedwa amayenera kukhala ndi adani, anthu angapo oti aliyense akanatha kumuthirira poizoni mtima uli m'malo, apo ayi telala alibe pofufuza.

Ahedi anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anati, "Iwe, ine ndinali hedi. Koka mpando."

Adani anapezeka ochuluka kuposa amene buku likanatha kunyamula, moti ena anawabweza. Anatsala wachiwiri wawo wa kusukulu, bambo amene anadikirira mpando wa uhedi mpaka imvi zinamumera akadali wachiwiri. Anatsala mayi wogulitsa maswiti pageti, amene Ahedi anamuthamangitsa ponena kuti akuoletsa ana mano. Panalinso woyimbitsa kwaya, amene anamukonza mawu a nyimbo anthu onse akumva, ndi mwamuna wawo wakale, amene tsiku lina anapeza masutukesi ake ali pakhonde, malaya atawapinda bwinobwino. Ahedi ankawatchula anthu amenewa monyadira, ngati akuwerenga mayina a ana amene akhoza mayeso.

Buku linayamba kuyenda, ndipo mlembi anachita nazo manyazi kuti likuyenda bwino chonchi. Ankalemba m'mawa, Ahedi akangomwa mankhwala n'kusinza, makina ochapira akuzungulira kumbuyo kwake. Anawakhazika pampando mu diresi lobiriwira, kapu ya tiyi ili pakatebulo, dzuwa likulowera pazenera. Telala anabwera ndi tepi yake. Pankafunika munthu woti azimutsegulira chitseko ndi kuteleka madzi, ndiye mlembi anangoikapo mng'ono wake wa malemuyo, wokhala m'nyumba momwemo, osavutika n'kumupatsa nkhope. Masana ankawerenga zimene walemba, Ahedi n'kumakonza.

"Wachiwiri uja sankanena kuti zikomo, ankati zikomo kwambiri madamu, kwinaku akuluma mano. Konza."

"Ndakonza."

"Ndiye mwamunayo wamupatsa nzeru zambiri. Chotsako."

Masiku amenewo kabelu kankalira pang'ono, ndipo tsiku lina Ahedi anamaliza kapu yonse ya mkaka.

Mlembi anali ndi chizolowezi chakale. Buku lililonse likafika pa poizoni, ankapita kukafunsa bambo wa ku famase ya pakona, munthu wansangala amene ankamutcha Mayi Poizoni ndipo akamuona pakhomo ankafunsa kuti lero tikupha ndani. Tsiku lina anapitako kukatenga botolo la Ahedi la mankhwala oletsa ululu, amphamvu aja operekedwa ndi chilolezo cha dokotala. Bamboyo akukulunga botolo, mlembi, mutu uli m'buku, anafunsa monga mwa nthawi zonse. Mankhwala ngati amenewa atathiridwa mu tiyi, munthu wachikulire wofooka angafunike ochuluka bwanji kuti asadzukenso, ndipo kodi angawamve kuwawa?

Bamboyo sanaseke. Anayang'ana botolo, anayang'ana manja a mlembi ong'aluka ndi sopo, kenako anamuyang'ana m'maso kwa nthawi yaitaliko.

"Ndi za buku, mayi?"

"Ee, za buku. Nanga za chiyani?"

"Kunyumbako alipo wokulandirani, kuti nanu muzipumako?"

Funso la mlembi lija bamboyo sanaliyankhe. Anamupatsa botolo n'kumuuza kuti atsatire zimene dokotala analemba, ndipo anazinena kawiri. Mlembi anatuluka nkhope ikutentha. Anadutsa pasitolo ya nsapato, pa ometa tsitsi, pamalo okwerera basi, akumutukwana bamboyo chamumtima. Zaka zonsezi akupha naye anthu limodzi, lero ndiye amuyang'ane ngati chigawenga? Koma mkwiyowo sunkafuna kuyaka bwino, unkangofuka. Pofika pageti unali utazima, ndipo chinatsala ndi mantha amene sanafune kuwafunsa kumene achokera.

Njira yake yopezera wakupha inali yakeyake, ndipo alembi anzake ankamuseka nayo. Sankamusankha poyamba. Ankalemba buku mpaka kutsala mutu womaliza iyenso osadziwa, kenako ankaima pasinki akutsuka mbale, n'kumayankhula mokweza ngati wokayikiridwa aliyense, mmodzimmodzi: ndine ndinawapha, chifukwa chakuti. Amene mawu ake ankatuluka osakodwa pakhosi, ameneyo ndiye anali wakupha, ndipo mlembi ankabwerera m'mbuyo kukawaza tizizindikiro m'mitu yoyambirira.

Anaima pasinki masana ena, manja ali m'thovu. Anayamba ndi wachiwiri. Mawu anatuluka owuma. Bambo ameneyu anali atazolowera kudikira moti akanadikirabe. Wogulitsa maswiti anangomuseketsa. Woyimbitsa kwaya akanapha ndi miseche, osati poizoni. Mwamuna wakale uja ndiye ayi, kupha munthu kumafuna khama, ndipo iye sanatengepo ndi kapu yomwe kupita nayo kusinki. Mlembi anabwereza onse kachiwiri, mbale zomwezo akuzitsukanso.

Kabelu kanalira.

Anatsinzina. Sanasunthe. Ndipo pakamwa pake, popanda kupempha chilolezo, panayamba kuyankhula m'mawu a mng'ono uja wa m'buku, wopanda nkhope uja. Ndine ndinawapha. Ndinkafuna kugona. Mawuwo anatsika ngati madzi a pampopi, osakodwa paliponse, ndipo anabwera ndi ena ambiri kumbuyo kwawo amene anawatsekera ndi dzanja lathovu. Kabelu kanaliranso. Anatsuka kukamwa, anapukuta manja, napita kukawatembenuza akulu ake, ndipo tsiku limenelo anawapaka mafuta kumsana nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Mwa luso la ntchito yake ankadziwa kuti wapeza. Wakupha wabwino ndi amene ali patsamba lililonse koma owerenga samuona, ndipo mng'onoyo anali ponseponse, atanyamula thireyi. Panalibenso chofunika kuwaza m'mbuyo, zonse zinali kale m'malo mwake. Koma buku limeneli linali loti awerengere Ahedi pamaso, iwo atagona pabedi limene iye amayala. Ankaopa kuti akamva adzatembenukira kukhoma, n'kupita ali ndi chimenecho mumtima. Kunena zoona, ankaopanso kudzimva yekha akuziwerenga.

Ndiye anasankha wachiwiri. Anamukakamiza. Anamupatsa kiyi wapadera wa nyumba, anamupezera msuweni wogwira ntchito mosungira mankhwala, anamulowetsa pazenera la kubafa bambo wa mimba yake ija. Masiku anapita akulimbana ndi mutu umodzi, kulemba n'kufufuta, pamene Ahedi ankafooka mooneka. Mkaka anasiya. Mawu anachepa. Namwino amene ankabwera kudzawaona anamukokera mlembi pakhonde n'kumuuza kuti ngati pali achibale akutali, ayambe kuwadziwitsa.

"Wondipha uja sanapezekebe?" Ahedi ankafunsa m'mawa uliwonse. "Telala wako wayamba ulesi."

Anamaliza m'mawa wina kukutentha kale. Anawasambitsa, anawatsamiritsa pamapilo, anatsegula zenera, nakhala pampando laputopu ili pamiyendo. Anawerenga mmene telala anasonkhanitsira onse m'chipinda chochezera, mmene anafotokozera za kiyi ndi zenera la kubafa, mmene wachiwiri anagwetsera kapu n'kuvomera. Anawerenga mofulumira, osakweza mutu. Atafika kumapeto anakweza maso.

"Basi?" Ahedi anatero.

"Basi, asisi. Latha."

"Zaka zonsezi wakhala ukulemba zinthu zoti ndimatulukira msanga, koma sunanamizepo owerenga. Lero wayamba ndi ine."

"Sindinaname. Kiyi uja ndinamutchula koyambirira."

"Unamulowetsa dzana kiyi ameneyo, ndinali ndi makutu. Wachiwiri uja sangaphe ndi nkhuku yomwe. Pazenera la kubafa angadutse ndi mimba ija?" Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Tiyi anateleka ndani?"

Mlembi anayang'ana pansi.

"Ndani amadziwa kuti malemuyo amamwa nthawi yanji, mu kapu iti? Ndani ali m'mutu uliwonse koma telala sanamufunsepo ngakhale funso limodzi? Ndinadziwa kalekale, buku lisanafike ndi pakati pomwe. Ndimangodikira kuti ndione ngati uli ndi chiwindi."

"Mng'onoyo alibe chifukwa. Amawakonda akulu ake."

"Ndakana kuti sawakonda? Telala wako akamugwira munthu amatani? Amamukuwiza?"

"Ayi. Amamukhazika pansi n'kumufunsa bwinobwino."

"Ndiye wakhala kale pansi. Ndikufunsa ine. Anawapheranji?"

Mlembi anafuna kunena kuti ndi nkhani chabe, anthu a papepala. Anafuna kudzuka akaone zochapa. Koma akulu ake ankamuyang'ana ndi maso omwe aja amene ana a sukulu ankati amaona mpaka m'thumba.

"Anatopa, asisi." Mawu anatuluka aang'ono. "Sankafuna kuti afe. Ankangofuna kuti zithe. Ankafuna agone tulo timodzi osatchera khutu. Akawamva akuitana, nthawi zina ankaima kaye kukhitchini n'kumalakalaka atapanda kuitananso, kenako n'kudzida yekha tsiku lonse. Anthu akamamuuza kuti ndi wamtima wabwino ankafuna kuwaponyera beseni."

Anayamba kulira, kulira konyansa kwa munthu wamkulu, mamina ndi misozi pamodzi, laputopu ikutsetsereka pamiyendo. Ankadikira kuti akulu ake atembenukire kukhoma.

"Eya," Ahedi anatero. "Imeneyo ndiye nkhani. Ukuyesa ukamaima pakhomopo m'mawa, kumvetsera ngati ndikupumabe, ine sindikuona? Ndimaona. Ndimaonanso kuti ukamva ndikupuma umabwera ndi beseni, madzi ake ofunda bwino. Inenso ndatopa nane, mwana iwe. Ndikanakhala ine ndikukusamala iwe, bwenzi nditakuthira poizoni mwezi woyamba."

Mlembi anaseka ali mkati molira, mpaka anatsamwa.

"Ukalembenso mutu umenewo. Diresi langa usalikhudze, lili bwino. Koma mng'onoyo umupatse nkhope, wamuzunza mokwanira. Ndiye telala akamugwira asathamangire kuitana apolisi. Amuyalire pasofa, amufunditse, agone kaye. Apolisi abwera mawa."

"Owerenga sangavomere zimenezo."

"Owerenga ndine. Bwera kuno."

Anaika laputopu pansi nasendeza mpando. Anangofuna kutsamiritsa mutu m'mphepete mwa matiresi pang'ono chabe, kuti misozi iume. Anamva dzanja lopepuka likumugwira m'mutu, zala zikuyenda m'tsitsi mwake pang'onopang'ono, ndipo sanamvenso china.

Anadzidzimuka dzuwa litachoka pazenera n'kupita mbali ina ya nyumba. Khosi linali litauma, tsaya lili ndi mizere ya nsalu. Anali asanagonepo chonchi chiyambire matendawa. Kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma: nthawi ya mankhwala oletsa ululu inali itadutsa kalekale.

Ahedi anali maso. Thukuta linali litanyowetsa pilo, milomo itauma gwa, dzanja lina litafinya chofunda mpaka zala kuyera. Dzanja linalo linali likadali pamutu pake.

"Asisi, bwanji osandidzutsa?"

Anayesa kuyankha koma ululu unawadula. Anadikira udutse, mano atalumana, kenako anayankhula motsitsa kwambiri moti mlembi anachita kuwerama kuti amve.

"Mankhwala kaye. Ukatero utole chimakina chakocho ulembe pompano, ndizikumva. Fulumira, ndisanakuthawe."